Mbale zoyera za kutsidya la Thames

London wakale anali ndi chizolowezi chokankhira kutsidya la mtsinje ntchito iliyonse imene ankaifuna koma osafuna kugona nayo pafupi. Ofufuta zikopa, ophika sopo, osungunula galasi, ofulula mowa, onsewa anakapeza malo kummwera kwa Thames, ku Southwark ndi ku Lambeth. Oumba mbale nawonso anakathera komweko. Ntchito yawo inali ya moto ndi utsi, ndipo mzinda wa nyumba zamatabwa zothithikana sukanagona tulo uvuni ukuyaka usiku wonse pakhomo. Komanso ambiri mwa oumbawo anali obwera, ndiye kunja kwa malinga a mzinda n'kumene mlendo ankatha kugwira ntchito yake popanda kuponderezedwa kwambiri ndi mabungwe a amisiri eni mudzi.

Lambeth wa masiku amenewo anali dambo lokhalokha. Kunali nyumba yaikulu ya Akibishopu wa ku Canterbury, imene ilipobe, kunali tchalitchi cha St Mary, minda ya ndiwo zamasamba, ndi kamsewu ka m'mbali mwa madzi kotchedwa Fore Street, kumene nyumba zinkachita kutsamira pamtsinje. Wofuna kupita ku Westminster ankakwera bwato lalikulu loolotsa anthu, akavalo ndi ngolo zomwe, chifukwa mpaka 1750 pakati pa mzindawu panali mlatho umodzi wokha, London Bridge. Pagombe lamatope limeneli, kwa zaka pafupifupi 200, panapangidwa mbale zimene zinasintha maonekedwe a thebulo la Mngelezi wamba. Asanazidziwe, ankadyera pa thabwa, m'mbale zachitsulo zotuwa, kapena m'zadothi zofiira ndi zobiriwira. Mbale yoyera kuti mbee, yojambulidwa maluwa kapena nkhope ya munthu, inali chinthu chachilendo.

Lusoli linayenda ulendo wautali lisanafike kuno. Linayambira ku Iraq m'zaka za m'ma 800, pamene oumba a ku Basra anaona mbale zoyera zochokera ku China n'kufuna kupanga zawo, koma analibe dongo loyera limene a ku China anali nalo. Anapeza njira yobisa dongo lawo pansi pa khungu lagalasi loyeretsedwa ndi tini. Njirayi inadutsa m'maiko a Asilamu mpaka ku Spain, kenako ku Italy, ndipo amisiri a ku Italy anafika nayo ku Antwerp kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500. Mu 1567 anthu awiri a ku Antwerp, Jasper Andries ndi Jacob Jansen, anathawa mazunzo a chipembedzo n'kukakhala ku Norwich. Mu 1570 anapempha Mfumukazi Elizabeth kuti iwalole kukhazikika mu London, ndipo chaka chotsatira Jansen anali atayamba kuumba ku Aldgate. Mbale yamtunduwu yakale kwambiri ya ku England yokhala ndi chaka pankhope pake ndi ya 1600. Pakati pake pali nyumba zansanja, ndipo mozungulira muli mawu otamanda Elizabeth. Lero mbale zonsezi zimatchedwa delftware, kutengera tauni ya Delft ku Netherlands, ngakhale kuti London anayamba kuziumba Delft asanatchuke nazo. Eni ake ankaziti galleyware.

Mwini wa mbiri yoyambirira ya kutsidyaku ndi Christian Wilhelm, wobweranso. Cha mu 1618 anatsegula malo oumbira ku Pickleherring, pafupi ndi pamene pali Tower Bridge lero, patangopita zaka zochepa uvuni wina utayamba kufuka ku Montague Close, kuseri kwa tchalitchi chimene tsopano ndi Southwark Cathedral. Mu 1628 Mfumu Charles Woyamba inam'patsa chilolezo chakuti akhale yekha woumba zamtunduwu kwa zaka 14, koma anamwalira mu 1630. Zimene anasiya n'zosavuta kuzizindikira: mabotolo ndi makapu a buluu pa zoyera, okhala ndi kambalame kotera pamwala pakati pa udzu ndi tizilombo touluka, chithunzi chotengedwa pa mbale za ku China za nthawi ya mafumu a Ming. Kuchokera ku Southwark ntchitoyi inatsika ndi mtsinje kufika ku Rotherhithe, inakweranso kufika ku Lambeth ndi ku Vauxhall. Mu 1672 Charles Wachiwiri analetsa kuitanitsa kunja mbale zadothi zojambulidwa, ndipo zimenezi zinapatsa mpata oumba a m'dzikomo. Mu 1676 John Ariens van Hamme, wochokera ku Netherlands, analandira chilolezo chopangira matailosi ndi mbale ku Lambeth. Pofika zaka za m'ma 1700, Lambeth ndiye anali mtima wa ntchitoyi mu London.

Pafupifupi chilichonse chinkabwera pamadzi, ndipo n'chifukwa chake mauvuni sankatalikira gombe. Dongo la London palokha silinkagwirizana ndi khungu la tini. Pozizira, dongo linkanyala mwina, khungu mwina, mbale n'kutuluka itachita ming'alu yokhayokha. Pankafunika dongo lokhala ndi laimu wambiri, ndipo linkachokera kum'mawa kwa England, ku Norfolk ndi ku Suffolk, kenako ku Carrickfergus kumpoto kwa Ireland. Tini ankakumbidwa ku Cornwall. Cobalt, mwala wopereka mtundu wa buluu, ankachokera ku Saxony, ku Germany. Mtovu, mchenga, nkhuni za uvuni, zonse zinkatsitsidwa pamakwerero a kumtsinje n'kulowa pakhomo lakumbuyo, ndipo mbale zotha zinkatulukira pakhomo lomwelo zitakutidwa ndi udzu.

Mbale inkalowa mu uvuni kawiri. Koyamba inkalowa yosapaka kanthu, n'kutuluka yotuwa, yopepuka, yomwa madzi. Pamenepo n'kuti ena atakonza kale zoviikamo. Ankaotcha mtovu ndi tini limodzi mpaka zisanduke phulusa, n'kusakaniza ndi mchenga ndi mchere, kusungunula zonse kuti zikhale galasi, kuswa galasilo, ndi kulipera pamphero yoyendetsedwa ndi kavalo mpaka likhale phala lamadzimadzi. Mtovu ndi mchenga paokha zimapereka galasi loonekera mkati. Tini ndi amene amalitseka n'kuliyeretsa. Woviika ankamiza mbale m'phalamo n'kuivuula msanga, dongo n'kumwa madzi onse, pamwamba n'kutsala ufa woyera wosagwira bwino, woti chala chikakhudza umachoka. Ntchito yoviikayi inadya anthu. Mtovu umalowa m'thupi pang'onopang'ono, munthu n'kuyamba kupotokola m'mimba, manja n'kulobodoka. Mbale iliyonse yokongola imene yatsala inadutsa m'manja a munthu amene ankagwira poizoni tsiku ndi tsiku.

Pa ufa umenewo m'pamene wojambula ankagwirira ntchito, ndipo apa m'pamene pagona ulemu wanga wonse pa mbalezi. Ufa wouma umamwa utoto nthawi yomweyo. Burashi ikangokhudza, mzera wakhazikika. Sungafufute, sungabwererepo kuti ukonze, ndipo ukazengereza pamatsala chidontho. Komanso wojambulayo sankaona mtundu weniweni wa zimene akujambula, chifukwa cobalt asanapse amakhala wotuwa modera, buluu amadzatulukira pamoto. Nthawi zina ankayamba ndi pepala lobooledwa timabowo motsatira chithunzi, n'kuligunda ndi kathumba ka makala osinja kuti pambale patsale timadontho tomulondolera. Koma kulumikiza timadonthoto kunali kwa dzanja lake, kamodzi n'kamodzi. Mitundu inali yochepa, yokhayo yopirira moto wa madigiri pafupifupi 1,000: buluu wa cobalt, wapepo wa manganese, wobiriwira wa kopa, wachikasu wa antimony, ndi wofiira wa chitsulo, umene unali wovuta chifukwa kawirikawiri unkatuluka wouma, wotukuka pamwamba pa khungu. Pa kuotcha kwachiwiri, ufa uja unkasungunuka n'kumeza utoto, moti chithunzi chili m'kati mwa galasi lenilenilo. N'chifukwa chake mbale ya zaka 300 ili ndi buluu wowala ngati yatuluka dzulo mu uvuni.

Zotchuka kwambiri ndi zimbale zazikulu zokhala ndi timizera ta buluu topendekeka kuzungulira mlomo wonse, timene wojambula ankangoti tsa, tsa, tsa ndi nsonga ya burashi. Mu 1919 E. A. Downman analemba buku la zimbalezi n'kuzitcha blue-dash chargers, ndipo dzinalo linakhazikika. Sizinali zodyeramo masiku onse. Zinkaimikidwa pashelefu kapena kupachikidwa pakhoma, ndipo zambiri zili ndi kabowo kapena kamkwasa kumsi komangapo chingwe. Mukaitembenuza, mupeza kuti kumbuyo kwa zambiri kulibe khungu loyera, kuli galasi la mtovu lachikasu kapena lobiriwirako, chifukwa tini anali wokwera mtengo ndipo sankamuwonongera kumene diso silifika. Mukayang'anitsitsa kumaso, pakati penipeni pa chithunzi, muona tizipsera titatu. Pamenepo m'pamene panakhala kachotchingira ka miyendo itatu kolekanitsa mbale ndi inzake mu uvuni. Kachipsera kena kamapezeka pachifuwa cha mfumu, kena pa tsamba la duwa. Pambuyo pake anayamba kugoneka mbale pa tizikhomo m'mabokosi adongo, zipserazo n'kusamukira kunsi kwa mlomo.

Zithunzi za pa zimbalezi zimasonyeza zimene munthu wa malonda ang'onoang'ono wa mu London ankafuna kuti alendo ake aone. Choyamba Adamu ndi Hava. Ku Victoria and Albert Museum kuli imodzi ya 1635, yojambulidwa mosamala kuchokera pa chithunzi chosindikizidwa, minofu ya Adamu ikuoneka bwinobwino. Ndiyeno chithunzi chomwechi chinajambulidwa mobwerezabwereza kwa zaka pafupifupi 100, wophunzira akutengera kwa mphunzitsi wake osaonanso choyambirira chija. Matupi anasanduka mizera ingapo, Hava tsitsi lake linafika m'mawondo, njoka inanenepa n'kudzipiringiza pamtengo, zipatso zinakula n'kukhala zachikasu, ndipo masamba anasiya kujambulidwa, ankangodinda ndi siponji yonyowetsedwa mu utoto. Ena amati kumeneko kunali kutsika kwa luso. Ine sindiona choncho. Zakumapetozo zili ndi moyo woposa yoyambayo. Wojambula wa 1635 ankatsanzira pepala la munthu wina mwamantha, pamene wa 1700 ankadziwa chimene ufa uja umalola ndi chimene umakana, ndipo ankayendetsa dzanja mogwirizana nawo.

Kenako maluwa a tulip, atatu kapena asanu, otuluka pakachulu kapena mumphika, masamba ake atapindikira uku ndi uku kudzaza mbale yonse. Kenakonso mafumu. Charles Woyamba anadulidwa mutu mu 1649, ndipo mwana wake atabwerera pampando mu 1660, nkhope yake inayamba kuoneka pa makapu ndi pa mbale, chisoti chili kumutu. Kuyambira pamenepo mfumu iliyonse inapeza malo ake: William ndi Mary ataimirira limodzi pambuyo pa 1689, Mfumukazi Anne, George Woyamba, ngakhalenso mkulu wa asilikali Marlborough. Nkhope zimafanana kwambiri moti zilembo ziwiri kapena zitatu za pambali pa mutu n'zimene zimakuuzani kuti uyu ndani. Mfumu ikasintha, wojambula ankasintha zilembo, munthu wa pakavalo n'kukhala yemwe uja. Komabe m'dziko limene linali litangotuluka m'nkhondo yapachiweniweni, kupachika mbale yotere pakhoma kunali kunena poyera mbali imene uli. England ndi Scotland atalumikizana mu 1707, kunatuluka mbale za duwa la rozi ndi la thistle pansi pa chisoti chimodzi.

Mbale zing'onozing'ono zodyeramo ndiye zinali zambirimbiri. Zina zinali za ukwati, zokhala ndi zilembo zitatu, cha dzina la banja pamwamba, cha mwamuna ndi cha mkazi m'munsi, ndi chaka. Zina zinkagulitsidwa zisanu ndi imodzi pamodzi, iliyonse ili ndi nambala ndi mzera umodzi wa kandakatulo ka mwininyumba wolandira alendo, moti odya ankamaliza chakudya n'kuwerenga motsatana kuzungulira thebulo. Zimenezi zimatchedwa Merryman, ndipo kupeza zonse zisanu ndi imodzi zili pamodzi lero n'kwapatali. Koma unyinji wake unali wa China wongoganizira: munthu wa mkanjo wautali atakhala pakati pa miyala, kamlatho, kanyumba ka denga lopindika, msungwi, bwato. Ojambulawo sanaione China. Ankatengera pa mbale zobwera ndi sitima za East India Company, ndipo pang'ono ndi pang'ono mitengo ya ku China inayamba kufanana ndi ya m'mbali mwa Thames. Pambali pa zonsezi, chimene chinkadyetsa mafakitale tsiku ndi tsiku chinali katundu wamba: mitsuko ya ogulitsa mankhwala yolembedwa mayina a Chilatini, timiphika ta mafuta odzola, matailosi a pamoto, ndi miphika yausiku.

Malonda ake anafika kutali. Mapale a mbalezi amafukulidwa ku Jamestown ku Virginia ndi ku Port Royal ku Jamaica, tauni imene mbali yake yaikulu inamira m'nyanja pa chivomezi cha 1692. Amenewo anali maiko a fodya ndi shuga wolimidwa ndi akapolo. Ku Liverpool, kumene ntchitoyi inayamba cha mu 1710, kunkapangidwa mabakuli akuluakulu omwera mowa, m'kati mwake mutajambulidwa sitima ndi mawu oifunira ulendo wabwino, ndipo zina mwa sitimazo zinali zopita kugombe la Africa kukagula anthu. Wa ku Africa akaima patsogolo pa bakuli lotere m'nyumba yosungiramo zakale, saona kukongola kokha.

Oumba a ku England sankadinda dzina la fakitale pa mbale zawo, ndipo amisiri ankasamuka. Ochokera ku Southwark ndi amene anakayambitsa ntchitoyi ku Brislington pafupi ndi Bristol chapakati pa zaka za m'ma 1600, ndipo idafalikira ku Bristol, Liverpool, Dublin, mpaka ku Glasgow mu 1748. Choncho funso lakuti mbale iyi ndi ya kuti lakhala likuvutitsa akatswiri. Ku Bristol kunasungidwa mayina ochepa a ojambula, monga John Bowen ndi Michael Edkins. Ku Lambeth otsala ndi mayina a eni mafakitale, monga Abigail Griffith, mayi amene anayendetsa fakitale ya pa Lambeth High Street mwamuna wake atamwalira. Yankho lodalirika linachokera m'dzala. Mbale zowonongeka mu uvuni, zopindika, zomatirirana, zosweka zisanaviikidwe, sizinkapita kutali, zinkatayidwa pafupi pomwepo. M'zaka za m'ma 1930, F. H. Garner, katswiri wa sayansi ya mafuta amene ankakonda mbalezi, ankatola mapale otere m'maenje a omanga nyumba ku Lambeth, ndipo anasonyeza kuti zambiri zimene anthu ankati n'za ku Bristol zinapangidwanso mu London.

Mapalewo akadalipo. Thames amadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku motsatira nyanja, ndipo madzi akaphwa gombe limaonekera, la miyala, njerwa zosweka ndi timapaipi tadongo tosutira fodya. Kutola kumafuna chilolezo cha Port of London Authority. Phale la mbale ya tini limadziwika msanga. M'kati mwake ndi motuwa mwachikasu, mofewa moti madzi amalisalaza m'mbali. Khungu loyera limakhala pamwamba ngati chinthu chapachokha, lokhuthala, ndipo pena lasendeka n'kusiya dongo pamtunda, monga momwe mbale yamalata ya kwathu imasendekera m'mlomo chitsulo chakuda n'kuonekera. Paphale laling'ono chabe mumatha kuona pamene burashi inatera ndi utoto wambiri, ndi pamene inanyamuka itatsala pang'ono kuuma.

Kufewa kumeneko n'kumene kunagwetsa ntchitoyi. Mbale inkabenthuka m'mlomo ikangogundana ndi inzake, mpeni unkaikanda, ndipo madzi otentha ankaing'alula. Angelezi atayamba kumwa tiyi mtundu wonse, vutoli linakula, ndipo n'chifukwa chake matiipoti amtunduwu otsala ndi owerengeka. Oumba a ku Lambeth anayesetsa. John Sanders, mmodzi wa iwo, anagwirizana ndi Nicholas Crisp n'kuyamba kupanga porcelain ku Vauxhall m'zaka za m'ma 1750, koma sizinapite patali. Mdani weniweni anali ku Staffordshire, kumene oumba anasakaniza dongo loyera ndi mwala wa flint wopera n'kupeza mbale yoyera mpaka m'kati, yopyapyala, yolimba, yosafuna tini. Josiah Wedgwood anaikonza bwino, ndipo mu 1765 analandira oda ya Mfumukazi Charlotte. Ngalande ya Trent and Mersey itatha mu 1777, mbale za ku Staffordshire zinayamba kuyenda pamadzi mosavuta ndi motsika mtengo. Mayi wa pakhomo amene anasankha mbale yosabenthuka sanalakwitse.

Nkhani yomaliza imene Lambeth anaijambula ndi mtima wonse inali ya chibaluni. Pa 15 Seputembala 1784, Vincenzo Lunardi, mnyamata wa ku Italy wogwira ntchito kwa kazembe wa ku Naples, anauluka kuchokera pabwalo la asilikali ku Moorfields, khamu lalikulu likuonerera, atatenga galu, mphaka ndi nkhunda, n'kukatera ku Hertfordshire. London yense anapenga nazo. Posakhalitsa kunatuluka mbale zosonyeza chibalunicho chili m'mwamba, pansi pali mpanda, kanyumba ndi mitengo, m'mlomo muli nkhata za maluwa zotengera mbale za ku Staffordshire zomwezo zimene zinkawalanda msika. Zaka za m'ma 1800 zikuyamba, mbale zojambulidwa zinali zitatha. Chimene chinapitirirako kanthawi ndi timiphika ta mafuta odzola ndi mankhwala.

Mauvuni sanazime, anangosintha katundu. Mu 1815 John Doulton analowa nawo m'kafakitale ka pa Vauxhall Walk kopanga mabotolo ndi mitsuko yolimba yothiridwa mchere mu uvuni. Mwana wake Henry anaona kuti mzinda wovutika ndi kolera ukufuna mapaipi a zonyansa, ndipo mu 1846 anatsegula fakitale yake ya mapaipi ku Lambeth komweko. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1860, Joseph Bazalgette anamanga khoma la Albert Embankment, ndipo Fore Street ndi makwerero ake a kumtsinje anagwetsedwa. Nyumba imodzi ya Doulton idakalipo pakona ya Black Prince Road ndi Lambeth High Street, yokongoletsedwa ndi dongo lootcha kuyambira pansi mpaka pamwamba. Fakitaleyo inatsekedwa mu 1956, chaka chimene Britain anakhazikitsa lamulo loletsa utsi m'mizinda, ndipo ntchito yake inasamukira ku Staffordshire.